Musanagule flash yoyamba, yang'anani kaye pamutu pa kamera yanu

Amene mukufuna kugula flash yanu yoyamba, musanafunse mtengo kwa aliyense, tengani kamera, chotsani kapulasitiki kotseka pamwamba paja, muyang'ane mkati mwa hot shoe, pamene flash imalowera. Pakati penipeni payenera kukhala kadontho kachitsulo kokulirapo, ndi tina ting'onoting'ono pambali pake. Ngati kokulirapoko palibe, nkhani yanu yasintha kale. Canon inachotsa kadontho kameneka pa makamera ake otchipa angapo, 2000D, 4000D ndi 250D, amene ku America amatchedwa Rebel T7, T100 ndi SL3. Ndipo makamera amenewa ndi omwe achibale a ku Joni ndi ku UK amakonda kutumizira mwana amene wanena kuti akufuna kuyamba kujambula. Kadonthoko ndi kamene kamauza flash wamba kuti yaka tsopano. Popanda iko, flash ya manual (imene mphamvu mumaisankha nokha) ya pini imodzi mukaikweza pa kamera imangokhala duu. Ma 2000D ena opangidwa pambuyo pake anawabwezeretsera kadonthoko, ndiye musadalire dzina, onani ndi maso anu. Mukapeza kuti palibe, musataye mtima: flash za TTL (zimene kamera imazisankhira mphamvu) ndi trigger zake (tizida toyatsira flash ili patali) zimalankhula ndi kamera kudzera pa timadontho ting'onoting'ono tija, ndipo Godox inatulutsa firmware, pulogalamu ya mkati mwa chida, yoti zida zake za Canon zizigwira pa makamera amenewa. Chofunika n'kudziwiratu ndalama isanatuluke m'thumba.

Ndayambira pamenepa dala. Uthenga umene ndimalandira kawirikawiri pa WhatsApp kuchokera kwa amene angoyamba kujambula ndi wakuti, "Akulu, flash yabwino ndi iti?" Ndikayankha kuti ndiuzeni kaye kamera yanu ndi malo amene mumajambula, ena amaona ngati ndikuwazemba. Koma flash siyenda yokha. Ili ndi trigger imene imamvana nayo, mabatire ake, chaja yake, ndi ma flash ena amene mudzawonjezere ntchito ikakula. Ife a maukwati timamva ankhoswe akulangiza Loweruka lililonse kuti munthu sakwatira mkazi yekha, amalowa m'banja lonse. Flash nayo ndi chimodzimodzi. Mukatenga ya Godox mwalowa kwa a Godox, ndipo trigger ya Yongnuo sidzaiyatsa, ngakhale zonse ziwiri zimayendera mafunde a 2.4 GHz. Choyamba kusankha ndi banjalo. Flash yeniyeniyo ibwera pambuyo.

Wina afunsa kuti nanga trigger ndi yachiyani, bwanji osangokweza flash pa kamera basi. Mavidiyo ambiri a pa YouTube amaphunzitsa bounce, kuloza mutu wa flash ku siling'i kuti kuwala kubwerere pansi kuli kofewa. Njirayo ndi yabwino, ndipo ndikakhala mu holo ya hotela ya siling'i yoyera, yotsika, ndimachita zomwezo. Koma ndi maukwati angati amene amachitikira malo otere? Ambiri amene ndimajambula ine amakhala mu holo ya sukulu kapena ya mpingo, denga la malata lopanda siling'i, mitengo ya denga yoda ndi fumbi. Kuwala kukapita kumeneko sikubwerera. Matchalitchi ena denga lake lili kutali moti flash imathera mphamvu panjira. Ndiye pali matenti. Okongoletsa akapachika nsalu zapepo kapena zagolide, inu n'kuloza flash m'mwamba, kuwala kumatsika kutatenga mtundu wa nsaluyo, diresi loyera la mkwatibwi n'kusanduka lapepo. Mudzagona mochedwa pa Lightroom, pulogalamu yokonzera zithunzi, mukulimbana nalo, ndipo khungu silidzabwerera mwakale bwinobwino.

Mukasiya bounce n'kuloza flash molunjika kunkhope, vuto limakhala lina. Ukwati wa mu Okutobala, holo yadzaza, thukuta lili kamukamu: pamphumi ndi pamphuno pamatuluka madontho owala mbee, pomwe masaya ali bii. Khungu lakuda limakongola chifukwa cha mmene limanyezimira, ndipo kunyezimirako kumatengera kukula kwa chinthu chimene chikuliwalira. Kagalasi ka flash sikaposa chikhatho, ndiye pa khungu kamaoneka kadontho kolasa m'maso. Kuwala komweko kukadutsa mu ambulera yoyera yoikidwa kutsogolo kwa flash kumayala pa tsaya lonse n'kuzilala pang'onopang'ono cha kukhutu, nkhope n'kuoneka kuti ili ndi maonekedwe ake. Palinso phawuda wina amene atsikana operekeza amadzola, amene ndi maso amaoneka bwino koma flash yolunjika imamutuwitsa. Kumbuyo pakhoma pamakhala chimthunzi chakuda chotsatira munthu. Zonsezi zimachepa flash ikachoka pa kamera, n'kukaima pambali, pamwamba pang'ono pa mitu ya anthu. Chimene chimailumikiza ndi kamera ili kutaliko ndiye trigger.

Njira zoyatsira flash ili patali zilipo ziwiri. Yakale ndi ya kuwala: flash ili ndi kadiso kamene kakaona ina ikung'anima, nayonso imayaka. Pa ma flash otchipa mudzaona S1 ndi S2. S1 imayaka pa kung'anima koyamba, S2 imadumpha kung'anima kwakung'ono koyezera kumene TTL imatulutsa n'kuyaka pa kwachiwiri. Simulipira kanthu, ndipo m'chipinda muli nokha zimagwira. Pa ukwati iwalani. Kadisoko sikadziwa mwini wake. Wojambula amene abwera naye akuchimuna akangodina kamera yake, flash yanu imayaka n'kumukonzera chithunzi iyeyo ndi mabatire anu, inu podina n'kupeza isanadzaze. Panja padzuwa kadisoko sikaona bwino, ndipo munthu akangoima pakati basi zatha. Nikon ndi Canon anali ndi njira zawo za kuwala zanzeru kuposa S1, monga CLS ya Nikon, koma vuto la dzuwa ndi la chotchinga linali lomwelo. Mafunde a wayilesi ndiwo anathetsa zimenezi. Canon inatulutsa 600EX-RT mu 2012, Nikon inatsatira ndi SB-5000 mu 2016. Ndi zida zabwino, zolimba, koma 600EX-RT itangotuluka mtengo wake unali woposa madola 600, musanawonjezere ST-E3-RT yoiyatsira. Ambiri a ife kamera yeniyeniyo sitinagule ndalama imeneyo.

Amene anatitsegulira khomo ndi makampani a ku China. Poyamba anali Yongnuo. YN560 III ndi ti RF-603 zinalera ojambula ambiri, ndipo mpaka lero mukazipeza zili bwino pamtengo wabwino si zotaya. Chovuta chake n'chakuti Yongnuo inali ndi mizere iwiri, wa manual wa 560 ndi 603, ndi wa TTL wa 622, ndipo kuti chida cha mzere uwu chimvane ndi cha mzere uwo pamafunika kufufuza kaye kuti chinapangidwa liti. Godox inapanga chilankhulo chimodzi, chimene imachitcha X system, n'kuchiika kuyambira mu ka TT600 kotchipa, TT685, V860, V1 ya mutu wozungulira, mpaka mu AD200 ndi AD600 zikuluzikulu zija. Trigger imodzi imalamula zonsezo. Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti flash ikakhala pa stand sisankha mtundu wa kamera. Ine ndimajambula ndi Canon, mnzanga amene timagawana naye ntchito zikuluzikulu ali ndi Nikon, koma timaimika ma TT600 amodzimodzi m'makona a holo, aliyense ndi trigger yake. Mukaona dzina la Flashpoint pa katundu wochokera ku America musadabwe, ndi Godox yomweyo, kungoti imagulitsidwa ndi sitolo ya Adorama.

Pali chifukwa china chimene mavidiyo akunja sanena. Kuno flash ikakuferani Lachisanu madzulo, palibe sitolo imene ikutumizireni ina m'mawa. Mumaimbira mnzanu wa ku Kawale kapena ku Area 25 kuti akubwerekeni. Ngati anzanu onse ali ndi Godox, inu nokha muli ndi china, mudzabwereka flash, trigger ndi chaja, n'kuyamba kuphunzira mabatani muli m'minibasi. Yang'anani zimene zili m'zikwama za anthu amene mungawaimbire foni usiku. Kwa ine kuno ku Lilongwe yankho lake ndi Godox. Mukanakhala pakati pa anthu a Yongnuo ndikanakuuzani zina.

Tsopano nkhani imene timakangana kwambiri tikakumana: manual kapena TTL. Pa manual ndi inuyo amene mumauza flash mphamvu, 1/1 ndi yonse, 1/2 ndi theka, kutsika mpaka 1/128. Pa TTL flash imang'anima pang'ono kaye, kamera n'kuyeza kuwala kumene kwabwerera kudzera mu lens, n'kusankha yokha mphamvu, zonsezi mofulumira moti maso saona kuti yang'anima kawiri. Amene anaphunzirira pa Strobist, tsamba limene David Hobby anayambitsa mu 2006, amalumbirira manual, ndipo mfundo ali nayo. Flash ikakhala pa stand, anthu ataima malo amodzi, mtunda susintha, ndiye mphamvu isinthirenji? Mukapeza kuti 1/8 yakwana, zithunzi za magulu onse, akuchikazi, akuchimuna, akwaya, akuntchito, zituluka zofanana, ndipo pokonza mumakonza chimodzi n'kukopera kwa zinzake.

TTL imapusitsidwa ndi zovala. Kamera imafuna chilichonse chikhale chapakatikati, chisayere kwambiri, chisade kwambiri. Mkwatibwi akadzaza chithunzi ndi diresi loyera, kamera imaganiza kuti kwawala mopitirira n'kuchepetsa flash. Diresi limatuluka lotuwa, nkhope n'kumira. Mukatembenukira kwa mkwati ndi anyamata ake a masuti akuda, imawonjezera, makolala oyera n'kupsa. Zithunzi ziwiri zotsatizana, malo amodzi, kuwala kosiyana. Ukwati ndi malo amene choyera kwambiri ndi chakuda kwambiri zimaima phewa ndi phewa tsiku lonse, ndiye TTL imavutika kuposa kwina kulikonse.

Komabe ine ndimati flash yoyamba ikhale ya TTL, ndipo chifukwa chake ndi perekani-perekani. MC akaitana a kwa mkwatibwi, DJ n'kuika nyimbo, anthu amabwera akuvina, ndalama zikuuluka. Agogo awa ali pamphuno panu, azakhali awo ali mamita asanu uko akugwedeza chikwama, otolera ndalama akudutsa pansi ndi lichero. Kuwala kumatsika msanga ndi mtunda: munthu akachoka pa mamita awiri n'kufika pa anayi, kumene kukumufika si theka ayi, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Palibe chala chimene chingazungulitse kagudumu ka mphamvu mofulumira chonchi. Pamenepo flash imabwerera pamwamba pa kamera, pa TTL, mutu utaloza m'mwamba pang'ono, kakhadi koyera ka m'mutu mwa flash katasololedwa. Ndimakweza ISO, nambala ya mmene kamera imamvera kuwala, mpaka 1600 kuti mababu a mu holo agwire gawo lalikulu la ntchito, flash izingodzutsa nkhope, ndipo diresi likadzaza chithunzi ndimawonjezera compensation pang'ono, kutanthauza kuuza TTL kuti ionjezere mphamvu. Si kuwala kokongola ngati kwa ambulera, koma azakhali aja akafunsa chithunzi chawo akuponya ndalama, chilipo. Flash ya TTL imagwiranso manual. Ya manual singasanduke TTL. Ngati flash ndi imodzi yokha, ikhale yochita zonse ziwiri. Trigger ya XPro ilinso ndi batani la TCM: mumajambula kamodzi pa TTL, mukakhutira n'kudina, mphamvu imeneyo imasanduka ya manual n'kukhazikika pomwepo.

Amene simujambula zochitika, ntchito yanu ndi zithunzi za pasipoti, za omaliza maphunziro, kapena nsapato ndi makeke ogulitsa pa Facebook, TTL simukuifuna. TT600 ndi trigger zakwana, ndalama yotsalayo igule softbox, bokosi lansalu lofewetsa kuwala.

Pa bokosi mudzaona GN60, nambala yoonetsa mphamvu ya flash, yolembedwa ndi zilembo zazikulu. Nambala imeneyi ndi mtunda m'mamita kuchulukitsa ndi aperture (nambala ya f/ yoonetsa kutseguka kwa lens) pa ISO 100. Pa f/8, ndiye kuti 60 kugawa ndi 8, mamita 7.5. Chimene chimalembedwa ndi zilembo zing'onozing'ono n'chakuti 60 ameneyo anayeza mutu wa flash utafinya kuwala konse pa zoom ya 200mm, kamzere kopapatiza. Mukakutambasula kufika pa 35mm kuti kukwane gulu la anthu, nambala imagwa kufika cha m'ma 36. Ambulera imadyanso ina. Poyerekeza ma flash awiri, onani kuti GN anayezera pa zoom yanji. Ya GN58 pa 105mm siyochepa mphamvu kwa ya GN60 pa 200mm.

Masamu amenewa amaluma nthawi ya zithunzi za ku gadeni. Mwambo wa kutchalitchi ukatha, nthawi imakhala cha m'ma 11 kapena 12 koloko, dzuwa lili paliwombo, maso a anthu alowa m'maenje amdima, aliyense watsinzina. Makamera ambiri salola shutter kupitirira 1/200 kapena 1/250 ndi flash. Mukapitirira, mbali ina ya chithunzi imada chifukwa katani ya shutter yatchinga. Pa 1/200 ndi ISO 100 padzuwa lotere muli pa f/11. Gawani 36 ndi 11, mupeza mamita atatu, flash ili pa mphamvu yonse, yopanda ambulera. Kwa akwati awiri zitheka. Kwa gulu la anthu makumi awiri, ayi. HSS (high-speed sync), njira imene ma flash ena ali nayo, imalola shutter kufika 1/8000 pong'anima kambirimbiri mofulumira, koma imadya mphamvu kwambiri, mtunda n'kufupika. Ndi yabwino mukafuna kuti kumbuyo kusungunuke pa f/2.8 muli pafupi ndi awiriwo, osati kugonjetsera dzuwa pa gulu. Amene muli ndi Nikon ya mzere wa D3000 kapena D5000, monga D3200, D3500, D5300 ndi D5600, musalipire HSS, makamera anuwo alibe. Mankhwala otchipa a dzuwa ndi mthunzi. Sonkhanitsani anthu pansi pa mtengo wa masamba ambiri, dzuwa likhale kumbuyo kwawo, flash ingodzaza nkhope. AD200, imene mphamvu yake ndi pafupifupi ma flash atatu, ndi nkhani ya chaka chamawa.

Ku gadeni komweko ndi kumene mudzadziwe kuipa kwa kukhala m'banja lalikulu. Loweruka la nyengo ya maukwati, gadeni imodzi imakhala ndi maukwati atatu kapena anayi nthawi imodzi, ojambula onse a Godox, ndipo ambiri sanasinthepo tchanelo chichotsereni chida m'bokosi. Mumangoona flash yanu ikung'anima yokha pa stand, inu manja ali m'thumba. Matchanelo alipo 32. Sankhani yanu yakutali ndi 1, muiike pa trigger ndi pa flash, muilembe pa kapepala kumbuyo kwa flash kuti wokubwerekani adziwe. Kwinaku, flash ikakhala pafupi kwambiri ndi kamera n'kumaphonya, muyang'ane mu menu ya trigger pamene pali mtunda, muchotse pa 1-100m muike pa 0-30m.

Mabatire ndi nkhani yake payokha. TT685 ndi V860 ndi flash pafupifupi imodzimodzi, kusiyana kwake ndi chakudya. TT685 imadya ma AA anayi, V860 ili ndi batire lake la lithium. Godox imati batire la V860II limang'anima maulendo 650 pa mphamvu yonse, n'kumadzaza m'sekondi imodzi ndi theka. Kunena zoona ndi yokoma, ukwati wonse batire limodzi. Koma ganizirani za kuno. Magetsi akazima Lachisanu usiku wonse, wa lithium wa batire limodzi wagwira njakata, pomwe wa AA akhoza kuima pa sitolo m'mawa n'kugula a alkaline. Batire la lithium likatopa pakapita zaka, lina muyenera kuitanitsa kunja, ndipo a ndege ndi otumiza katundu amavuta ndi mabatire a lithium oyenda paokha. Mukasankha V860, gulani batire lachiwiri tsiku lomwelo. Mukasankha ya AA, gulani otchaja a NiMH monga Eneloop, osachepera asanu ndi atatu, ndi chaja imene imatchaja batire lililonse palokha. Aja otchipa a mu okala, a tochi ndi wayilesi, flash imawamwa m'mphindi zochepa. Mudzakhala mukuyang'ana kanyali kodzaza, keke atadyetsana kale. Trigger nayo imafuna ma AA awiri, ndipo ndi iyo imene anthu amaiwala. Ine ndimamanga mabatire anayianayi ndi labala, odzaza thumba lamanja, otha thumba lamanzere. Chaja ikachokera ku China kawirikawiri imabwera ndi pulagi ya mano awiri, ya ku Joni ndi ya mano ozungulira, pomwe masoketi athu ndi a mano atatu a makona. Kaadaputala kakhale m'chikwama.

Chinanso: flash ikang'anima pa 1/1 maulendo pafupifupi 30 motsatizana imatentha, n'kuyamba kudzichedwetsa yokha podziteteza. Sinawonongeke. Kwezani ISO, tsitsani mphamvu, ipume.

Yogwiritsidwapo kale ntchito si yoipa, ambiri tinayambira pomwepo, koma muione pamaso. Tsegulani khomo la mabatire, muyang'ane ngati muli ufa woyera wa batire lotaya madzi. Gwedezani phazi lake, pamene imalowera pa kamera, chifukwa ndi pomwe flash imathyokera ikagwa. Yang'anani kagalasi ngati kachita chikasu kapena kusungunuka ndi kutentha. Ikani mabatire anu, osati a wogulitsa, muing'anitse pa 1/1 kangapo mukuwerenga masekondi odzazira, kenako mutsitse mpaka 1/128 kuti muone ngati kuwala kukusinthadi. Za ma flash akalekale a nthawi ya filimu, aja amapezeka m'makatoni a kaunjika, chenjerani. Ma Vivitar 283 ena akale amatulutsa ma volt oposa 200 pa phazi lawo, zimene zikhoza kuwotcha trigger kapena kamera ya masiku ano. Musanaikweze pa chida chanu, wokonza mafoni kapena mawayilesi akuyezereni ndi mita.

Pa ndalama yanu musiyeko ya stand, bracket yogwirira flash, ndi ambulera yoyera. Bracket ya S-type ya Godox imagwira flash pamutu osati paphazi, ndipo kutsogolo kwake ndi kwa Bowens, mtundu wa cholumikizira chimene ma softbox ambiri amagwiritsa ntchito, ndiye softbox imene mudzagule mtsogolo idzalowa. Koma ambulera pa stand panja ndi chinthu chosadalirika. Kamphepo ka mu Ogasiti kapena kamvuluvulu wa mu Okutobala akangodutsa, zonse zili pansi. Thumba la mchenga limathandiza; munthu amathandiza koposa. Ine ndimayenda ndi mphwanga. Amagwira stand, amaisuntha ndikamukodola, amayang'anira chikwama ndikalowa m'gulu, ndipo pano wayamba kudziwa yekha kuti akaona abambo ovala magalasi akweze flash pang'ono kuti isaonekere m'magalasimo. Mpatseni kangachepe munthu wotero, ndi wotchipa kuposa flash yatsopano.

Kutchalitchi funsani kaye. Pitani kwa abusa kapena ansembe mwambo usanayambe, mulonjere mwaulemu, mufunse ngati flash ikuloledwa ndiponso nthawi ziti. Ena amalola polowa ndi potuluka pokha, ena amakana pa malumbiro ndi pa pemphero. Wa vidiyo naye mukambirane, chifukwa flash yanu imadula chithunzi chake pakati, theka lowala theka lamdima, ndipo mukamang'anima mosalekeza nthawi ya kuvekana mphete mumuwonongera mbali imene akwati adzaibwereze kwambiri.

Ndikanakhala kuti ndikuyamba lero, ndikanagula TT685 ya kamera yanga, trigger ya X2T kapena XPro, stand imodzi, bracket, ambulera ndi mabatire. X2T ndi yaying'ono ndipo ili ndi hot shoe pamwamba pake. XPro ili ndi sikirini yaikulu yoonetsa magulu onse a ma flash nthawi imodzi, zimene mudzayamikire mukadzakhala ndi ma flash atatu. Flash yachiwiri ikhale TT600. Pamene ndinkalemba izi, kunja TT600 inali cha m'ma madola 65, X2T cha m'ma 60, TT685 kupitirira 100 pang'ono. Mitengo ya kwacha sindilemba. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo umene mungawerenge lero mawa ndi wabodza, ndiye pali msonkho ndi wonyamula. Poitanitsa samalani chilembo chakumapeto: C ndi Canon, N ndi Nikon, S ndi Sony, F ndi Fujifilm, O ndi Olympus ndi Panasonic. TT685N siigwira TTL pamwamba pa Canon, ndipo trigger yolakwika chilembo ndi ndalama yotayika. Wokugulirani mutumizireni chithunzi cha bokosi, osati dzina lokha.

Katundu akafika musadikire Loweruka. Madzulo kukada, khazikani munthu pampando pabalaza, babu likuyaka, flash pa stand mamita awiri kuchokera kwa iye, cha pambali. Kamera pa M, ISO 400, f/4, 1/160, flash pa 1/8. Jambulani. Kenako musinthe shutter yokha, 1/60, 1/30, osakhudza china. Muona kuti nkhope sikusintha kwenikweni, koma khoma ndi makatani kumbuyo zikuwala. Bwererani pa 1/160, musinthe mphamvu ya flash yokha: tsopano nkhope ndi imene ikusintha, kumbuyo kuli pafupifupi momwemo. Shutter ndi ya chipinda, mphamvu ya flash ndi ya munthu, pomwe aperture ndi ISO zimakoka zonse ziwiri. Mukatero muyendetse stand mozungulira mpandowo, kutsogolo, pambali, kumbuyo, mukuona mmene mthunzi wa mphuno ukusunthira. Mu holo ya mababu ochepa ine ndimayambira pa 1/100, f/4, ISO 1600, flash ya pa stand pa 1/16, kenako ndimakulitsa chithunzi pa sikirini kuti ndione ngati maluwa a pa diresi akuonekabe ndiponso ngati nkhope ya mkwati sinamire.